Lolemba tikusasula denga la holo

Manyamula, Mzimba
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Yona,

Muli bwanji kumeneko ku Dedza, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi wasiya kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Manyamula wakula. Holo yakale ija, momwe amaweruzira milandu ndi kuchitira sikelo ya ana, yachepa moti amayi ambiri amaima panja padzuwa. Komiti ya chitukuko yagwirizana zoigwetsa n'kumanga yaikulu. Ntchito yosasula denga apatsa ine monga kalipentala, ndipo tiyamba Lolemba.

Vuto ndi apongozi anga, a Zgambo. Njerwa za holoyo anaumba nawo ali mnyamata, ndipo dzina la malemu akulu awo lili pasimenti ya pakhomo. Masiku ano akumakhala pakhonde pake tsiku lonse ndi madoda anzawo anayi. Iwo akuti tingowonjezera chipinda kumbuyo.

Dzana ndinapita kukawafotokozera zomwe ndinaona nditakwera pamwamba. Mitanda yonse yadyedwa ndi chiswe, chala chimangolowa. Ndinawauza kuti mphepo ya mvula yoyamba idzagwetsera dengalo pa anthu. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati wobwera sangadziwe thukuta lomwe linagwera pamenepo, kenaka anati: "Mukazulapo msomali umodzi, mbwenu pakhomo panga musapondeponso."

Dzulo mkazi wanga Mable wapita kwa makolo akewo. Anati akukawanyengerera, koma watenga mwana ndi zovala zake zonse. Foni sakuyankha.

Sindikubisirani, ntchitoyo ndigwira. Zomwe ndinaona pamwamba paja sindingazikhalire chete. Koma mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake ndikupempha chimodzi. Inu ndinu ankhoswe anga, ndipo a Zgambo amakulemekezani. Bwerani Loweruka mudzakhale nawo pansi. Mukatsika pa Boma mundiimbire, ndidzakutengani pa njinga yamoto. Kalatayi ndapatsira a Nicholas oyendetsa lole ya matabwa, chifukwa nkhaniyi si ya pafoni.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi kwa achemwali a Eneless.

Chonde musalephere, achimwene. Ndikufuna ndikadzatsika padengapo ndidzapeze ndidakali ndi banja.

Ndine mng'ono wanu,
Kalebe