Tebulo la Mayi Arnaboldi

Lolemba, 8 Okutobala 1956
Tebulo la Mayi Arnaboldi latha, kwangotsala kupolisha, ntchito yanga. Ndi loima kukhoma pafupi ndi khomo, lopyapyala, miyendo yowonda ngati ya kakowa, kunsonga kwake mkuwa. Achimwene, a Attilio, akung'ung'udzabe poti mayiwo anakana msinkhu umene katswiri wa ku Milano anajambula. Mayiwo akuti lifike pomwe dzanja la amuna awo limatsamira akamalowa. Amuna awowo ndi a Ermanno, omwe anapita kunkhondo ku Russia osabwerako! Tauni yathu yonse ya Cantù ikudziwa.

Lachitatu, 10 Okutobala
M'mawa ndapeza zidindo za zala papolishi, chakumphepete. Dzanja lamanzere, lalikulu. Achimwene: "Iwe Piera, umapolisha ndi nsalu kapena ndi nsima ya polenta?" Ndapukuta, ndapakanso.

Lachinayi, 11 Okutobala
Zabweranso, pomwepo. Chonsecho kiyi wa shopu yathu yopalira matabwa amagona m'thumba mwanga. Ndawauza achimwene ayezepo dzanja lawo. Lachepa. Aseka, koma khofi sanamalize. Akuti likapita ndi zipsera ndikasake ntchito kufakitale ya silika ku Como.

Lachisanu, 12 Okutobala
Masana ndili ndekha tebulo lalira kamodzi, kwee, ngati wina walitsamira. Galu wathu akukana kulowa.

Loweruka, 13 Okutobala
Mayi Arnaboldi abwera kudzaliona. Ndinaima kutsogolo kuti ndibise zalazo.
"Tapatuka, mwanangu."
Anayang'anitsitsa, kenaka n'kuika dzanja lawo pambali pake, osakhudza.
"Usapukutenso. Mulibweretse Lachiwiri dzuwa lisanalowe. Sakonda kudikira panja."
Achimwene kukamwa yasa.

Lachiwiri, 16 Okutobala
Pamakwerero a kwa mayiwo tebulo linalemera ngati mwala, kathabwa komwe ndimanyamula ndekha. "Piera, ukunyamula kapena wakhalapo?" Ine mpweya unali utandithera.

Mayiwo anavala diresi yobiriwira. Chithere nkhondo ndimawaona ndi zakuda zokha. Kukhitchini kumanunkhira mpunga wa risoto.

Tinalimangirira kukhoma n'kuyamba kutola zida. Chitseko chinali chotseka. Tebulo linalira, kenaka pansi phuu, ngati jombo yonyowa yavulidwa. Phuu, inzake.

Mayiwo sanatiyang'ane n'komwe, maso ali pakhomo popanda munthu.
"Mwachedwatu, bambo. Kasambeni m'manja, chakudya chizizira."

Potsika achimwene anandigwira dzanja ngati tidakali ana. Kumtunda mayiwo ankaseka, kuseka kwa mtsikana. Kenaka mwamuna anatsokomola.