Ndikumwa juwisi wa odwala, shuga wayamba kukwera

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu. Chaka chino ndi chachitatu ndikudwazika bambo anga omwe ali ndi matenda a shuga, ndipo anawadula kale zala ziwiri za kuphazi. Ndatopa, Aphungu, kutopa kosatha ndi tulo.

Anthu odzawazonda safuna kubwera chimanjamanja. Uyu botolo la juwisi, uyu mabisiketi, zonse zoletsedwa kwa wodwalayo. Ndimalandira ndi manja awiri, akangotuluka n'kukabisa kuseri kwa makina osokera. Kutaya ndimaona ngati tchimo, ndiye ndimadya ndekha ndikamasoka. Masiku ambiri chimenecho ndiye chakudya changa chamasana.

Sabata yatha nditawayeza bambo m'mawa, ndinangoti ndidzibayeko nane ndisanadye kanthu. Kamakina koyezera shuga kanaonetsa 6.4. Bambo anasuzumira n'kunena kuti, "Mwanawe, inenso ndinayamba choncho." Kenako anatembenukira kukhoma.

Mlongo wanga amangoimba foni kufunsa kuti, "Mdala wadzuka bwanji?" Za ine safunsa. Kodi ndalowa kale m'njira ya bambo anga? Ndipo alendo ndiwauze bwanji osawakhumudwitsa?

E. N., telala wotopa

Mayi E. N.,

Pepani ndi kutopako, ndakumvani. Koma mtima m'malo: 6.4 musanadye sikuti matenda a shuga afika, koma ali pakhomo akugogoda. Ambiri amawabweza akasintha kadyedwe ndi kukhala otakataka.

Yambani ndi kuchipatala. Pitani m'mawa musanadye, akakuyezeni bwinobwino, muwauzenso za bambo anu, chifukwa matendawa amakonda kuyenda m'magazi. Kamakina ka kunyumba sikapereka chigamulo. Ndipo kasingano kobayira musamabwerekane ndi munthu, ngakhale kholo lanu.

Tsopano za alendo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi. Mimba yanu si dzala lotayirapo zomwe bambo aletsedwa. Auzeni mwaulemu kuti, "Adokotala analetsa zotsekemera m'nyumba muno, mukafuna kutithandiza tibweretsereni sopo, mazira kapena ndiwo zamasamba." Wobwera ndi chikondi sangakwiye, mwinanso apepukidwa podziwa chofunika.

Masana muzisiya makina n'kudya chakudya chenicheni, masamba ambiri, kumwa madzi. Muziyendanso ndawala theka la ola tsiku lililonse. Mukuti nthawi ichokera kuti? Kwa mlongo wanu uja. Foni sisambitsa wodwala. Muuzeni nambala mwaonayo, asankhe masiku ake obwera kudzakhala ndi bambo, inu mupumeko.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kumwako mapiritsi a bambo anu poganiza kuti mukupewa, angakugwetseni. Mukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena kuwonda kosadziwika bwino, thamangirani kuchipatala osadikira kuti mumalize diresi la munthu. Nyumba imeneyo singathe odwala awiri, ndipo mukudziwa nokha kuti wodzakudwazikani inuyo palibe.

Aphungu