Kasipika ka bambo a Madalo

Lolemba, 3 Juni

Katundu wa ku Joni wafika. A transipota anamusiya pa Migowi. Bulangete, tinsapato ta Madalo tokula kuposa phazi, ndi kasipika kakuda kozungulira ngati bakuli. Achemwali anga a Mervis akalumikiza ku sola pamodzi ndi kabokosi ka netiweki. Iwo anafika Fomu 4, ine ndinalekera Sitandade 6.

Kamayankhula ngati mzimayi wachizungu. Ukakafunsa nthawi kamanena. Kayimba nyimbo mpaka Madalo wagona osavuta. Tikamakayankhula ife kamayaka buluu. Akamayankhula bambo a Madalo kuchokera ku Joni kamalira kamodzi, ting, n'kuyaka girini. Ati, "Pano zoti foni yatha moto sindidzazimvanso."

Ndinafunsa ngati kamamva zonse. A Mervis kuseka. "Aka kamamva Chingerezi chokha. Katukwane m'Chilomwe, kakuthokoza."

Lachisanu, 7 Juni

Chiperoni masiku atatu. Phiri la Michesi silikuoneka. Madalo kutsokomola, thupi moto, akamapuma nthiti zikulowa m'kati. Miyezi isanu ndi inayi yokha mwana wanga.

Apongozi abwera kuchokera kwa Kaduya ndi madzi opempherera. Kumpingo kwawo mankhwala ayi, jakisoni ayi. Ndinavomera tikukwatirana. Nthawi imeneyo ndinalibe mwana. Potsanzika ati, "Akangolawa za kuchipatala timutenga, tikamulere ife m'chikhulupiriro." Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndikudziwa. Koma amalume ali ku Mozambique, amayi anamwalira. Adzandiyimira pakhomo ndani?

Lolemba, 10 Juni

Ndapita. Kwa aneba ndinati ndikupita kuchigayo. Kabaza mpaka kuchipatala, a Mervis atabereka mwana kuti anthu aziyesa ndi wawo.

Chibayo. Mapilitsi osungunula pasupuni, m'mawa ndi madzulo, masiku asanu. Anesi ati osadumphitsa ngakhale aoneke ngati wachira.

Foni yanga galasi linasweka, nthawi sioneka. A Mervis akauza kasipika m'Chingerezi kuti kazilira 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Madzulo ano kalira ndendende. Ndinakayamika mumtima. Zina zonse tinakambirana m'Chilomwe pompo pamkeka: kuti mapilitsi ndibisa m'chitini cha singano, kuseri kwa mtsuko.

Mulungu andikhululukire ngati ndi tchimo. Wayamwako pang'ono.

Lachiwiri, 11 Juni



Apongozi atulukira masana osatumiza mawu. Moni wa mwana osapereka. Molunjika kuseri kwa mtsuko. Chitini n'kutsegula. Singano, ulusi, mabatani. Mapilitsi ndinali nditawamanga pa mfundo ya chitenje m'mawa, sindikudziwa chinandiuza n'chiyani. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Atandika mphasa, akuti akhala mpaka mwana achire.

Za chitini timadziwa awiri okha. Ndawapeza a Mervis pa mjigo, ndawanena mawu oipa pamaso pa anthu. Anangoti, "Ine wakuberekera mwana njira yonse ija?" Anasenza ndowa yosadzaza n'kumapita.

6 koloko kasipika kalira. Apongozi kudzidzimuka, n'chiyani chimenecho. Ndinati kamatikumbutsa nthawi ya pemphero. Tinagwada. Madalo ali pamiyendo pawo, pilitsi lili m'chiuno mwanga.

Lachitatu, 12 Juni

M'mawa sanamwe. Apongozi samusiya ndi pang'ono pomwe. Ndikapita kubafa amunyamula, ndikamayamwitsa akhala pafupi. Kutentha kwabwerera.

Masana apongozi anali pakhonde kusenda chinangwa, chitseko chotsegula, maso ali m'nyumba. Ine ndikusesa. Ting. Girini.

Ndinadikira moni. Palibe. Ndinayima ndi tsache m'manja. Munthu akupuma m'kasipika. Patali mahutala ambirimbiri, galimoto zosatha, phokoso loti kuno kulibe. Kenako kukhosomola kouma kuja amachita bambo a Madalo akamwa tiyi wotentha.

Lolemba lija kanalira ting tili pamkeka? Madalo amalira kwambiri, sindinamve. Kuyang'ana pa shelefu sitinayang'ane.

Kasipika sikamva Chilomwe, zoona. Koma a Goodman, bambo a Madalo, anabadwira kwa Kaduya, Chilomwe n'chawo.

Ndakafunditsa chitenje. Uchitsiru. Girini akuonekera pansalu ngati diso la mphaka. Ndinaganiza zokaponya m'chimbudzi. Koma angadziwe kuti ndadziwa. Sabata yonse ndayankhula zingati m'nyumba muno? Zimene ndimamuuza mwana tili awiri. Zimene ndimalira.

Madzulo sanamwenso. Katatu tsopano.

Lachinayi, 13 Juni

Madalo sakuliranso, akungobuula. Phokoso lake ngati macheka m'thabwa lonyowa. Girini wayaka kuyambira m'mawa osazima. Apongozi sadziwa za mitunduyi, amangoti kanyali kokongola.

Ndinaganiza zothawa naye kudzera pawindo. Kupita kuti? A Mervis ndinawatukwana.

Cha m'ma 10 bambo a Madalo anayankhula m'kasipika. Mawu okweza, aja a kutchalitchi. Anauza amayi awo kuti matendawa aposa madzi, apite okha kwa Kaduya akatenge abusa, asatume munthu, abusa sabwera akaitanidwa ndi ana. Apongozi anawiringula pang'ono, kenako n'kumanga duku. Ndinawaperekeza mpaka pa mango.

Pobwerera girini akadali. Ndinakhala pansi.  Mahutala okhaokha.

Kenako motsitsa, m'Chilomwe, ngati akuopa wina kumene aliko: "Amake Madalo, mpatseni. Ndakhala ndikumumva. Ndiye mubwerere naye kuchipatala amayi asanafike."

Sanapepese za chitini. Ine sindinafunse. Mfundo inavuta kumasula, ndinachita kuluma ndi mano. Wamwa zonse, sanalavule.

Ndatuma uthenga kwa a Mervis kudzera kwa aneba kuti abwere ndi kabaza. Sindikudziwa ngati abwere. Akabwera ndikawagwadira panja, kuseri kwa khola, osati muno.

Thewera ndalongedza. Buku la kusikelo lili m'bulauzi. Ndikulemba podikira.

Bambo a Madalo sanatsanzike. Girini sanazime. Ndikulemba pang'onopang'ono, mwina ndi cholembera chomwe akuchimva