Nkhuni za Mapichesi a Amayi

Kawale, Lilongwe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti mwendo wanga uja ukuvutabe.

Koma mtima wanga suli m'malo. Lachiwiri lapitali, ife amayi a gulu lathu lopanga vinyo tinatsuka zigubu n'kugula shuga, podikira achimwene a Pindani kuti abweretse mapichesi a kwathu ku Bembeke monga amachitira chaka chilichonse. Anafikadi, koma anatsitsa thumba la kachewere ndi mitolo ya nkhuni.

"Mlongo, m'tauni muno nkhuni zadula, ndati ndikuthandizeko," anatero akumwetulira.

Nditangogwira chikuni chimodzi ndinazindikira khungwa lake. Achemwali, adula mitengo ya mapichesi imene malemu amayi anabzala kuseri kwa khola! Akuti chigwere kwacha, mapichesi sakugula feteleza, ndiye m'mundamo abzalamo kachewere.

Mayi Nachisale, apampando a gulu lathu, akuti tingogula mapichesi a mumsika. Tinayesapo kale amenewo, vinyo wake anangokhala ngati madzi a shuga. Okoma ndi a kuphiri kuja, okulira m'chisanu, ndipo makasitomala athu amadziwa kusiyanitsa.

Watsala mtengo umodzi wokha, wa pachulu uja. Chonde alembereni msanga asanaudule, poti inu amakumverani, ine amangondiyesa mwana. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Nkhunizo zikadali pakhonde. Ana akundifunsa chifukwa chake ndikuphikira makala ogula.

Ndine mng'ono wanu,
Elina