Manja Kumbuyo pa Chitunda cha ku Bembeke

Lolemba, 4 Ogasiti

Timu ya Kamvuluvulu yalengeza pa Fesibuku kuti mpikisano wa njinga wa pa 16 udzadutsa kwathu kuno, kukwera chitunda cha ku Bembeke. Chiku, mlongo wanga wamng'ono, alimo. Pachithunzi amuika kumapeto, akuoneka khutu ndi phewa basi. Pakati ndi Themba, katswiri wa timuyo, monga mwa nthawi zonse, magalasi akuda m'maso, chonsecho dzuwa sitinalione sabata yonse.

A Zikhalo, mkulu wa timuyo, alemba m'munsi kuti "ndife banja limodzi." Banja lake liti, loti wina azidya mnofu wina azinyamula mabotolo a madzi? Awonjezera kuti mpikisanowu ukatha asankha anyamata opitiriza nawo chaka chamawa, otsalawo akaone zina. Ndiye kuti Chiku akachimwitsa pa 16, akubwerera kudzakumba kachewere.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndamuimbira Chiku. Ntchito yake ndi yomwe ija: kutchinga mphepo kuti Themba azipuma kumbuyo kwake, kumutengera madzi kugalimoto, njinga ya Themba ikavuta kumupatsa yake. Ndati, "Nanga iwe upambana liti?" Waseka. "Achemwali, Themba akapambana ndiye kuti tapambana tonse." Mawu a a Zikhalo enieni, wangomeza osatafuna.

Themba yemweyo dzulo amauza a wailesi kuti zitunda za ku Dedza ndi timizere ta mbatata. Abwere adzatione. Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Amalume a Bonifasi akhala pagolosale panga tsiku lonse osagula ngakhale machesi. Akuuza aliyense kuti anamuphunzitsa njinga Chiku ndi iwo. Iwo amene njinga yawo sinaonepo buleki, amaima ndi chidendene cha patapata! Kenako ati, "Akadzafika pachitunda tidzangomuthandizako pang'ono, awasiye onsewo."

Vuto la kwathu ndi limenelo. Munthu akamakwera chitunda ndi njinga ya katundu, sumudutsa manja ali lende. Umaika dzanja pakeliyala n'kukankha, kaya ukumudziwa kaya ayi, ndipo wosatero timati sanaleredwe. Koma pampikisano, woweruza wa panjinga yamoto akaona wopalasa akukankhidwa, amamuchotsa. Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Amalume akuti, "Lamulo lanji loletsa chifundo?" Umbuli ulibe mankhwala.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Kutchalitchi ndinapempha kulankhula pa nthawi ya zolengeza. Ndati wodzakhudza Chiku ndi dzanja adzakhala atamuphera ntchito, choncho aliyense manja kumbuyo. Mayi wina chapansipansi: "A Jacqueline chigulireni foni ija asanduka azungu." Ndamva, ndipo ndamudziwa. Ndi yemwe uja anandifunsa ngati anyamatawa amalipidwa pa munthu aliyense amene anyamula, ngati a kabaza.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Bando yandithera ndikuonera mpikisano wa ku Ulaya. Kumenekonso zitsiru ziliko. Bambo wamkulu, wandevu zake, wavala ngati nkhuku n'kumathamanga pambali pa wopalasa.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndayenda khomo ndi khomo m'mbali mwa chitunda. Manja kumbuyo, manja kumbuyo, mpaka ana ayamba kundiyimba nyimbo. Amalume ndawauza kuti adzagwire chipewa chawo kumbuyo ndi manja onse awiri. Anyinyirika koma avomera. Amayi akuti sadzapita, adzatsala kunyumba ndi korona wawo. Bola iwo, amadzidziwa.

Loweruka, 16 Ogasiti

Lero sindilemba kanthu.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite. Ndilembe za dzulo, mwina pamtima pangapepuke.

Gulu lonse linafika pansi pa chitunda lili pamodzi. Pomwepo tayala la Themba linaphwa, pa timizere take ta mbatata tija. Ndinayamba kuseka, koma kuseka kwake kunathera m'kamwa. Chiku anali atatsika kale n'kumupatsa njinga yake. Themba anakwera osacheuka, ndipo gulu linapita. Mlongo wanga anatsala m'mbali mwa msewu atagwira njinga yophwa, kudikira galimoto ya a Zikhalo, yomwe inabwera ngati ikuperekeza maliro.

Atamusinthira tayala anayamba kukwera yekhayekha. Njinga ya Themba ndi yayitali kwa iye, zala za kumapazi zimangokhudza pang'ono. Amapita mbali iyi ya msewu, n'kubwerera mbali iyo. Ndipo anthu a kwathu, amene ndawanyoza sabata yathunthu, anamvera. Onse manja kumbuyo ngati ana asukulu pamzere. Amalume chipewa atachifinya, misozi ili mbwembwembwe, koma osasuntha. Mayi wa kabaza ujanso manja kumbuyo. Chitunda chonse chinangoti zii, tikumva kupuma kwa Chiku kokha.

Anandidutsa pafupi, milomo itatuwa, osandiona n'komwe.

Ndinangozindikira dzanja langa lili pamsana pake, ndikuthamanga, chitenje chatsala pamsewu. Anakuwa kuti, "Achemwali, siyani! Siyani!" Ndinamva bwinobwino. Sindinasiye mpaka pamwamba. Nditacheuka, njinga yamoto ya woweruza inali kumbuyo kwathu, bamboyo akuloza nambala ya pamsana pa Chiku.

Anamuimitsa pafupi ndi chigayo. Anakwera galimoto ya timu n'kupita.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Themba anapambana, pa njinga ya Chiku. Pawailesi wathokoza Mulungu, a Zikhalo ndi miyendo yake. Mwini njinga sanamutchule. Munthu wotere ngakhale utamusenza kumsana anganene kuti wayenda yekha.

Chiku sakuyankha foni. Ikulowa, koma sakuyankha.

Amalume anabwera pagolosale. Ndinakonzeka, ndinati lero andidya wamoyo. Anagula machesi, n'kulipira, n'kumapita osanena kanthu. Bola akanandilalatira.

Lachinayi, 21 Ogasiti

A Zikhalo atulutsa chithunzi cha timu ya chaka chamawa. Pamalo pa khutu ndi phewa paja pali mnyamata wina. M'munsi alemba kuti akumufunira Chikumbutso zabwino zonse, ndipo adzakhalabe wa m'banjamo. Banja lija ndi limeneli. Munthu anakupatsani njinga yake pakati pa msewu, inu mukumupatsa "zabwino zonse."

Ndinawaimbira, sindinaope. Ndati wolakwa ndi ine, mwanayo anakuwa kuti ndisiye. Ayankha mwaulemu woterera kuti akanangomaliza, ngakhale kumapeto kwenikweni, akanamusunga, koma dzina la timu lanyozeka. Ndinafuna kuwayankha zoti asadzaiwale. Koma ine, Jacqueline, ndinangodula foni.

Loweruka, 23 Ogasiti

Chiku wafika masana pa minibasi, kachikwama kamodzi. Njinga ndi jezi zinali za timu. Wapereka moni kwa amayi, kwa amalume, kwa ine komwe, moni wa mlendo. Zikundiwawa kuposa kutukwanidwa.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

M'mawa ndimachokera kokapikula katundu ndipo ndinamupeza pansi pa chitunda chomwe chija. Anali ndi njinga ya amalume yopanda buleki ija, matumba a kachewere atamangidwa pakeliyala. Watsika, akukankha, thukuta lili kamukamu. Miyendo ija inapikisana ndi anyamata a m'tauni, lero ili m'patapata.

Ndinayenda pambuyo pake osamudutsa, osamukhudza. Manja anga anapita okha kumbuyo. Tinakwera choncho mpaka pakati, pamene anandidutsa tsiku lija. Apo anaima, n'kutsamiritsa njinga pantchafu. Sanacheuke.

"Achemwali," anatero, "kankhanitu. Lero kulibe woweruza."

Ndinaika dzanja pa thumba. Linali lolemera kuposa iye.