Madzi Nawonso Aponye Dayisi

Nkhata Bay,
14 Ogasiti 2024.

Okondedwa achimwene a Cyrus,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko ndipo kuzizira kwayamba kuchepa. Kuno Ama ali bwino, bondo lija lokha ndi lomwe likuwavuta. Koma nkhani yanga si ya bondo. Ndi ya mng'ono wanu Watson, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mukudziwa kuti chigubuduzikireni bwato lawo ndi mwera mu Juni, mnzake Paston n'kumira, Watson wasanduka munthu wachete. Kunyanja sapitanso. Anangonena kamodzi, pamaliro, kuti anamugwira dzanja Paston koma linamupulumuka. Tonse timamuuza kuti "sunalakwe", iye amangoyang'ana khoma.

Ndiye ndinamukokera ku masewera a nthano amene munatisiyira aja. Timakumanabe Loweruka masana pakhonde pa mnzanga Nellie ku Chikale. Ine ndimafotokoza nkhani, aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhanimo, ndipo wofuna kuchita chinthu chovuta amaponya dayisi. Lamulo ndi lanu lomwe lija: folo kapena kuposa, watha, kuchepera apo, walephera. Poyamba zinkayenda. Watson anasankha kukhala mlenje, tsiku lina mpaka anamwetulira.

Kenako ine, ndi pakamwa panga pothamangapa, ndinaika mtsinje wosefukira m'nkhani. Ndinazindikira mawu atatuluka kale. Munthu wa Nellie anaterereka pamlatho n'kugwera m'madzi. Watson anati, "Ndimugwira." Anaponya. Dayisi inagwa pa thuu.

Achimwene, ndinachita mantha, ndinabera. Ndinati, "Mlenjeyu ndi wamphamvu, wamuvuula ndithu."

Watson anandiyang'ana. "Asisi, lamulo likuti ndalephera. Ndi pano pomwe muzindinamiza?" Anadzuka n'kumapita, sanatsanzike n'komwe.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulimbana ndi lamulo lanulo. Ndinayesa kuti waluso aziwonjezeredwa nambala. Ndinayesa kuti wolephera aziponyanso. Ndinafika poti m'masewera athu munthu asamafe. Nellie anandiseka: "Iwe, ukachotsa kulephera, dayisi tiziponyeranji?" Sananame. Zonsezo linali bodza langa lomwe lija, ndangolisintha malaya.

Dzulo ndili pa benchi yanga ya kaunjika kumsika, ndinangoona Watson waima, akutembenuza mashati ngati wogula. Ndinaopa kuyamba ine.

"Lamulo la a Cyrus ndi lolakwika," anatero. "Likuika zonse m'dzanja la munthu mmodzi. Wopulumutsa aponye, womirayo aponyenso, tiphatikize. Kenako madzi nawonso aponye. Akakhala abata, kawiri. Akakhala olusa, katatu. Wochuluka wapambana."

Ndinafunsa, "Nanga madzi akapambana?"

"Ndiye kuti apambana madzi." Anapinda shati ija bwinobwino n'kuibwezera pamulu. "Tsiku lija panyanja madzi anaponya katatu, asisi."

Mayi wina ankafunsa mtengo wa siketi, ine misozi ili chuchuchu, mpaka anachoka osagula.

Tsopano chondisowetsa tulo ndi ichi. Akufuna Loweruka likubwerali tibwerere pamlatho pomwe paja, mtsinje uli wolusa, ndipo woponyera madzi ndikhale ine, poyera, aliyense akuona. Ndayesa lamulo lakelo ndekha pa thireyi kunyumba. Mayo ine, madzi akupambana pafupifupi nthawi zonse! Akadzamira munthu wa Nellie, ine woponya ndili ine, kodi Watson adzakhala pansi kapena adzadzukanso? Akadzuka ulendo uno, ndikuopa kuti sitidzamubwezanso. Koma kubera ndiye sindingayesenso.

Ndikupempheni ziwiri. Mukapeza wobwera kuno, mutitumizire madayisi asanu, chifukwa imodzi yanuyi tikuchita kulandizana ngati supuni pamaliro. Ndipo mumuimbire foni mng'ono wanu. Mucheze za mpira, za ntchito, zilizonse, koma mawu oti "sunalakwe" musawatchule. Awo wayamba kuwafufuza yekha.

Ama akuti yewu chifukwa cha mankhwala opaka aja. Nellie akupereka moni. Watson nayenso akuti moni. Sindinamufunse ayi, wanena yekha, ndipo wati ndikuuzeni kuti lamulo lanu walikonza.

Loweruka masana mundikumbuke m'pemphero, pamene ndidzakhale ndikuponyera madzi.

Ndine mlongo wanu,
Olivia.