Zipika Ziwiri za Muwanga

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Lusungu, mwana wanu woyamba. Ndazengereza kukulemberani chifukwa pali nkhani imene ndikuchita nayo manyazi, koma ndiyambe ndi zabwino monga munkafunira. Chimanga chachita bwino chaka chino, nkhokwe yadzaza. Mtedza wokha ndi umene chiswe chatilanda. Mkazi wa Wezi anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akayamba kulira salola munthu kumudula mawu, ndiye sitikufunsa kumene watengera.

Koma Wezi, mlongo wanga, sananyamulebe mwana wakeyo. Dzanja lake lamanja lili m'chikhakha, ndipo kuchipatala sanatitsimikizire ngati zala zidzagwiranso. Inamupsinja ndi galimoto yanu, Amayi, ndipo mbali yaikulu ya mlanduwu ndi yanga.

Mukukumbukira zipika ziwiri za muwanga zimene zinkakhala kuseri kwa mpando wa galimoto chimwalirire Atate? Inu simunayendetsepo galimoto, koma palibe dalaivala amene ankanyamuka pakhomo musanazione ndi maso anu. Munkati, "Jeke nchito yake ni kukweza chabe, kugwila motoka ni nchito ya chipika. Ukangena pansi palibe chipika, ine sindine amama ŵako." Jekeyo munkaipukuta nokha, kuitsitsa mpaka pansi, n'kuiimika chilili pakona ya chipinda chanu, yofunditsidwa chitenje chakale. Mafuta ake anali ndi botolo lakelake lochokera ku boma. Ife tinkakusekani kuti jeke ndiye mwana wanu wachitatu, ndiponso wokondedwa kuposa tonse.

Pa maliro anu mvula inagwa masiku atatu osakata. Nkhuni zonse zinanyowa, anthu ochokera ku Kapichila anafika ndi njala, ndipo azimayi ophika ankangolira ndi utsi. Ndinapita ku galimoto, n'kutulutsa zipika zija, zouma gwa, ndipo ndinaziponya pamoto ndi manja angawa. Mawu anu ndinawamva bwinobwino m'mutu, koma ndinadziuza kuti sabata yamawa ndidulitsa zina. Zinayaka bwino, anthu anadya. Sabata yamawayo inasanduka chaka ndi theka, ndipo sindinauze munthu aliyense.

Nyengo ya fodya itafika, amalume a Zimba anadzabwereka jeke kuti akadindire mabelo. Inu mukanapita nayo nokha, n'kukhala pampando mpaka belo lomaliza. Ine ndinachita manyazi, ndinangopereka. Inabwera itagonekedwa m'thumba pa njinga, ikudontha. Amalume ataona kuti mafuta achepa anathiramo a mabuleki, mwa mtima wabwino ndithu, osadziwa kuti amenewo amadya timalabala ta m'kati. Ine sindinafunse, sindinaiyese n'komwe. Ndinangopukuta kunja n'kuiika m'galimoto.

Tsiku la ngozi Wezi ankachokera ku Magodi ndi matumba a chimanga, tayala lakumbuyo n'kuphulika. Musamukwiyire kwambiri, chifukwa zambiri anachita monga munamuphunzitsira. Anaima pamalo osatsetsereka, anasiya galimoto m'giya, anatchinga matayala ena ndi miyala, ndipo pansi pa jeke anaikapo thabwa chifukwa panali mchenga. Atachotsa tayala, nati imodzi yomangira tayalalo inagubuduzikira kunsi kwa galimoto. Anafunafuna zipika kuseri kwa mpando, osazipeza. Ndiye anagona chammbali n'kulowetsa dzanja, poganiza kuti ndi kanthawi kochepa. Jeke siinagwe mwaphokoso ayi, Amayi. Inkangotsika pang'onopang'ono mwakachetechete, ndipo iye anazindikira chitsulo chitamugwira kale mkono. Anamupulumutsa ndi amuna ena odutsa pa ngolo, amene anatukula galimoto ndi mitengo. Akanalowetsa mutu, bwenzi lero muli naye kumeneko.

Kuchipatala ndinamupeza akudziimba mlandu. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti zipikazo anazitaya yekha panjira, ndipo nayenso ankachita manyazi kundiuza. Ndinakhala pambali pa bedi masiku awiri ndikumusendera malalanje, nkhani ili pakhosi. Tsiku lachitatu ndinamuuza zonse, za moto uja ndi za mafuta a amalume. Anayang'ana kudenga, kenaka anati, "Basi asisi, zinaphikila ŵanthu amene anabwela kulila amama." Kukanakhala bwino akanandikalipira. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khoma ngati mwana.

Jeke ndinapita nayo kwa makaniko ku boma, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka anamaliza, monga mukanachitira inu. Anakhuthula mafuta oipa onse, anaikamo timalabala tatsopano ndi mafuta enieni a jeke, kenaka anaipopa kangapo vavu yotsitsira ili yotsegula kuti mpweya utuluke. Kunyumba ndinaiyesa pamaso pa onse. Mwamuna wanga anakweza galimoto, ine ndinalemba mzere ndi choko pa chitsulo cha jeke chimene chimatuluka ikamakweza, ndipo tinadikira aliyense ali patali. Mzere sunasunthe. Ngakhale zili choncho sindiikhulupirira, ndipo ndaona kuti inunso simunaikhulupirirepo ngakhale munkaifunditsa chitenje. Tsopano ikuima pakona yanu ija. Amalume anabweranso kudzapepesa, ndipo ndinawauza mwaulemu kuti chaka chamawa jeke idzabwera kwawo pamodzi ndi ine ndi mpando wanga.

Dzulo mlamu anaika mwana pamiyendo pa Wezi. Kamwanako kanagwira chala chake chimene chimatulukira kunsonga kwa chikhakha, ndipo Wezi akuti anamva kufunda. Chalacho sichinasunthe, sindikunamizani, koma anamva. Ngati kumeneko amakulolani kupempherera otsala, mupempherere dzanja limeneli, Amayi. Ndi limene limatidyetsa tonse, ndipo mwanayu akukula msanga.

Loweruka tinapita kuphiri ndi mwamuna wanga kukadula muwanga. Tasema zipika zinayi, ziwiri za m'galimoto, ziwiri zosungira. Ndinatenthetsa msomali pamakala n'kulemba dzina lanu pa chilichonse, zilembo zazikulu zoti ngakhale wophika wotsamwa ndi utsi aziwerenge. Ndauza ana anga kuti ngakhale pa maliro anga mvula itagwa sabata yathunthu, anthu adzadye chimanga chosaphika, koma zipikazo asadzazikhudze.

Ndakusowani kwambiri. Ndikulonjeza kuti pakhomo pano galimoto siidzanyamukanso ndisanayang'ane kuseri kwa mpando ndi maso anga. Mupereke moni kwa Atate, ndipo ngati mungathe, mundikhululukire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusungu